Mzere Wakuda Umodzi, Tinsomba Tiwiri

Pa matanthwe a korali, omangidwa ndi tizamoyo tating'ono ta m'nyanja zamchere za kumadera otentha, pamachitika chinthu chimene munthu akachiona koyamba amagwira pakamwa. Chinsomba cholusa, chimene chakudya chake cha tsiku ndi tsiku ndi nsomba zinzake, chimabwera pang'onopang'ono, n'kuima njii pamalo amodzi, n'kuyasamula kukamwa. Kansomba kotalika ngati chala chamkombaphala kamalowa m'kamwamo mopanda mantha, n'kumajompha pakati pa mano, kenako n'kutulukira m'makha, zopumira zija za kuseri kwa mutu. Chinsombacho sichiluma. Chikakwana nazo chimatseka pakamwa pang'ono n'kutsegulanso, kapena kugwedeza thupi, ndipo kansombako kamamva chizindikirocho n'kutuluka. Chilombocho chikangochoka, pamalopo pamaima nsomba ina imene inali kudikira pambali.

Kansombako akatswiri amakatchula kuti Labroides dimidiatus. Ife tingoti kansomba kotsuka anzake, kapena mwachidule kotsuka. Amene anakalemba koyamba m'mabuku a sayansi ndi Achille Valenciennes wa ku France, mu 1839, ndipo mawu akuti dimidiatus ndi achilatini, otanthauza chinthu chogawidwa pakati. Ndi ka m'banja la Labridae, banja lalikulu la nsomba za m'nyanja zamchere lokhala ndi mitundu yoposa 500. Kamapezeka kuyambira ku Nyanja Yofiira ndi m'gombe la kum'mawa kwa Africa, kudutsa nyanja yonse ya Indian, mpaka ku zilumba za French Polynesia pakati pa nyanja ya Pacific. Kumpoto kamafika kum'mwera kwa Japan, kum'mwera kamafika ku chilumba cha Lord Howe, kum'mawa kwa Australia. Kamakhala pamadzi osaya kwambiri mpaka pakuya pafupifupi mamita 40. Kakakula kotheratu sikapitirira masentimita 14, ndipo tambiri timene munthu amakumana nato n'tochepera masentimita 10. M'nyanja ya Atlantic mulibemo. Kumeneko ntchito yotsuka imagwiridwa makamaka ndi tinsomba ta mtundu wina, totchedwa Elacatinus.

Munthu akangoona chithunzi chake kamodzi amaganiza kuti wakadziwa, chifukwa kali ndi chizindikiro chosaiwalika: mzere wakuda bii woyambira kukamwa mpaka kumchira. Komatu mzerewo ndi umene umasocheretsa. Pa matanthwe omwewo pali kansomba kena, ka banja lina kotheratu, kovala mzere womwewo ndi mitundu yomweyo, ndipo sikatsuka aliyense. Wofuna kudziwa kotsuka kenikeni ayenera kusiya kukhulupirira utoto, n'kuphunzira kuyang'ana pakamwa, zipsepse, ndi zimene kansombako kakuchita. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa tinsomba iti kudekha kumafunikadi.

Tiyambe ndi kotsuka kenikeniko. Thupi lake ndi lalitali, lowonda, lophwatalala pang'ono m'mbali, ndipo lili ndi mamba ang'onoang'ono. Mzere wakuda uja umayamba woonda kukamwa, umadutsa m'diso, ndipo ukamapita kumbuyo umanka nukula, moti pofika kumchira umakhala utatenga mbali yaikulu ya chipsepse cha kumchirako. Kutsogolo kwa thupi kumakhala koyererako, kotuwa kapena kwachikasu pang'ono, ndipo kumbuyo kumasanduka buluu wowala. Anapiye ake, titero kunena kwake, amaoneka mosiyana ndi makolo: kakakhala kakang'ono kamakhala kakuda thupi lonse, kali ndi kamzere kamodzi ka buluu wonyezimira kodutsa pamwamba pa diso n'kutsata msana. Kakamakula, buluuyo ndi kuyerako zimafalikira, chikudacho n'kumachepa mpaka kutsala mzere umodzi wa m'mbali. Woyamba kumene angalembe kakang'ono ndi kakakulu ngati mitundu iwiri ya nsomba, pamene ndi kamodzi.

Pakamwa ndiye pali umboni weniweni. Kotsuka kali ndi mutu wosongoka, ndipo pakamwa pake pali kumapeto kwenikweni kwa mutuwo, poloza kutsogolo. Milomo yake ndi yochindikala, wam'munsi uli wogawika pawiri, ndipo kutsogolo kuli timano tosongoka togwira ntchito ngati kopanira, totha kuzula kachilombo kokakamira pakhungu popanda kung'amba malo aakulu. Pamsana pali chipsepse chimodzi chachitali choyambira kumbuyo kwa mutu, cha pamwamba pa zipsepse za m'mbali, chokhala ndi minga 9 kutsogolo ndi timafupa tofewa 10 kapena 11 kumbuyo. Chipsepse cha kunsi, kumbuyo kwa mimba, chili ndi minga 3 ndi timafupa tofewa 10. Manambalawa sangawerengedwe nsomba ikusambira, koma pa chithunzi chabwino kapena pa nsomba yosungidwa m'botolo ndi amene amathetsa mkangano.

Kasambiridwe nakonso kamaulula. Nsomba zambiri zimapita patsogolo popinda thupi ndi kukupiza mchira. Za m'banja la Labridae zimapalasa ndi zipsepse za m'mbali ngati mbalame ikukupiza mapiko, thupi lili chiwongokere, moti zimaoneka ngati zikudumphadumpha m'madzi. Kotsuka kamawonjezera kavinidwe kakekake: kamatambasula mchira n'kumakweza ndi kutsitsa mbali yakumbuyo ya thupi, kali pamalo amodzi. Kamavina choncho makamaka kakaona mlendo wamkulu kapena wachilendo akuyandikira. Ndipo sikayendayenda. Kamakhala ndi malo ake odziwika, mwina pamutu pa thanthwe, mwina pakhomo pa phanga, ndipo nsomba za m'deralo zimawadziwa malowo n'kumabwerako tsiku ndi tsiku.

Kali ndi abale anayi a mtundu womwewo wa Labroides, ndipo onse amatsuka. Labroides bicolor ndi wakuda kutsogolo, woyera mwachikasu kumbuyo, ndipo sakonda kukhala pamalo amodzi, amayendayenda kufuna makasitomala. Labroides pectoralis ali ndi banga lakuda patsinde pa chipsepse cha m'mbali ndi msana wachikasu. Labroides rubrolabiatus, wa ku zilumba za pakati pa Pacific, dzina lake limanena za milomo yofiira. Labroides phthirophagus ndi wa ku Hawaii ndi kufupi komweko, wachikasu kutsogolo, wapepo kumchira, ndipo dzina lakelo limatanthauza wodya nsabwe. Awa savuta kusiyanitsa ukawaona bwino.

Nanga chimene kamatola pamatupi a anzakewo n'chiyani? Kwambiri ndi ana a tizilombo totchedwa gnathiid, abale ang'onoang'ono a nkhanu, aatali mamilimita ochepa chabe. Khalidwe lawo ndi la nkhupakupa. Kachilomboko kamabisala pansi, m'ming'alu ya matanthwe, kenako kamakwera pa nsomba, n'kuyamwa magazi mpaka mimba kutupa, n'kugwa kukabisalanso kuti kafundule. Kamachita zimenezi katatu, kenako kamakula n'kusiyiratu kudya. Kamodzi sikangavulaze nsomba yaikulu, koma tikachuluka timaifooketsa, ndipo kansomba kakang'ono kakhoza kufa nato.

Alexandra Grutter, wa pa yunivesite ya Queensland, anakhala zaka zambiri akuwerenga zimenezi ku chilumba cha Lizard, pa Great Barrier Reef ku Australia. Mu 1996 anafalitsa zimene anapeza: kotsuka kamodzi kamayendera nsomba pafupifupi 2,300 pa tsiku n'kudya tizilombo pafupifupi 1,200, ndipo pafupifupi tonseto ndi ta gnathiid. Anapezanso kuti pali nsomba zina zimene imodzi imabwera kudzatsukidwa maulendo okwana 144 pa tsiku, kutanthauza kuti pakangopita mphindi zisanu yabweranso. Taganizirani kansomba kochepera masentimita 10 kakugwira ntchito yotere kuyambira kutuluka kwa dzuwa mpaka kulowa kwake.

Ngakhale zili choncho, kwa nthawi yaitali akatswiri ankakayikira ngati kutsukaku kumathandizadi otsukidwawo. Ofufuza ena, mmodzi wa iwo George Losey ku Hawaii, anayesa kuchotsa totsuka pa matanthwe ena koma sanaone kusintha kooneka, ndipo panabuka maganizo akuti mwina nsomba zimangobwera chifukwa chokonda kusisitidwa, kotsuka n'kumadyerapo. Grutter ndiye anathetsa nkhaniyi. Mu 1999 anaika nsomba m'makola a waya pa matanthwe okhala ndi totsuka ndi pa ena amene anachotsapo totsuka tonse. Patatha masiku 12, nsomba za pa matanthwe opanda totsuka zinali ndi tizilombo tochuluka kuwirikiza pafupifupi kanayi. Kenako kuyambira mu 2000, ku Lizard komweko, iye ndi anzake anayamba ntchito yofuna mtima wautali: kumachotsa kotsuka kalikonse kobwera pa timatanthwe tina, chaka ndi chaka, n'kumasiya timatanthwe tina mmene tinalili. Patatha zaka 8 ndi theka, nsomba zokhazikika pa matanthwe opanda totsuka zinali zitachepa ndi 37 peresenti, mitundu yake itachepa ndi 23 peresenti, ndipo za mitundu ina zinali zopinimbira poyerekeza ndi zinzake za pa matanthwe ena aja. Ofufuza oyamba aja sanalakwitse kuona. Iwo anangosiya kuyang'ana msanga.

Apa ndi pamene nkhani ya kansombaka imandikoka mtima kwambiri, chifukwa kotsuka kenikeniko nakonso kamaba. Nsomba iliyonse yamoyo imakutidwa ndi ntchofu yoterera, ija imatsalira m'manja munthu akaigwira. Ntchofuyo si litsiro ayi, ndi chovala choteteza nsombayo ku matenda, ndipo thupi limawononga mphamvu kuti liipange. Grutter ndi Redouan Bshary, amene pano ali pa yunivesite ya Neuchâtel ku Switzerland, anasonyeza mu 2003 kuti kotsuka kakapatsidwa mwayi wosankha pakati pa tizilombo ndi ntchofu, kamasankha ntchofu. Ndiye kuti nthawi iliyonse imene kakuzula kachilombo, kakudya chimene sikakonda kwenikweni, chimene kamakonda chili pamphuno pomwepo. Nthawi zina kamalephera kudziletsa n'kuluma. Zikatero mumaona kasitomala akudzidzimuka thupi lonse, kamodzi, ngati wabayidwa ndi singano. Kudzidzimuka kumeneko ndi kumene ofufuza amawerenga akafuna kudziwa kuti kotsuka kakuba kangati.

Bshary anakhala maola ambiri pansi pa madzi ku Ras Mohammed, m'Nyanja Yofiira ku Egypt, ndipo anaona kuti kotsuka sikachitira makasitomala onse mofanana. Nsomba zolusa, zotha kukameza, sikaziluma pafupifupi n'komwe. Nsomba zokhazikika, zimene dera lake ndi laling'ono moti zilibe kwina kopita, zimadikiritsidwa, ndipo zikalumidwa chimene zingathe ndi kuthamangitsa kotsukako mwaukali. Pamene nsomba zoyendayenda, zodutsa matanthwe ambiri pa tsiku, zimalandiridwa msanga, ngakhale patakhala wina amene anayamba kufika. Paja amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mlendo wotere akadikiritsidwa kapena kulumidwa sakangana, amangochoka n'kukatsukidwa kwina, ndipo ulendo wotsatira sabwerera msanga. Wokhazikika uja adzakhalapobe ngakhale mlendo atatsukidwa poyamba.

Kotsuka kalinso ndi njira yopepesera. Kamakwera pamsana pa kasitomala n'kumamusisita ndi zipsepse za m'mbali ndi za kumimba, osadya kanthu. Kamachita izi kawirikawiri kwa nsomba zolusa, komanso kwa kasitomala amene anakathamangitsa ulendo watha. Mu 2011 Marta Soares ndi anzake anasonyeza kuti kusisitaku si kwachabe: nsomba zimene zinkasisitidwa ndi chidole chooneka ngati kotsuka zinali ndi cortisol wochepa m'magazi, ndipo cortisol ndi chimene thupi limatulutsa likapanikizika. Apa maganizo a Losey aja anapezeka kuti anali ndi mbali yoona. Mu 2006 Bshary ndi Grutter anapezanso kuti nsomba zodikira zimayang'anitsitsa mmene mnzawo akuchitiridwa, ndipo zimakonda kuyandikira kotsuka kamene kaoneka kakugwira ntchito mokhulupirika. Nakonso kotsuka kamachepetsa kuluma pakakhala oonerera. Ndipo pamene kakamuna ndi kakakazi tikutsuka kasitomala mmodzi, kakakazi kakaluma kasitomalayo n'kuthawa, kakamuna kamathamangitsa kakakaziko, ndipo ulendo wotsatira kakakazi kamadziletsa. Izi anazilemba Nichola Raihani ndi anzake mu 2010.

Luso losankha mlendo poyambali analiyesa ndi mbale ziwiri zokhala ndi chakudya chofanana. Nyama ikayamba kudya pa mbale yoyamba, yachiwiri inkachotsedwa. Ikayamba ndi yachiwiri, yoyamba inkakhalapobe, moti inkadya zonse ziwiri. Zotsatira zake zinatuluka mu 2012: totsuka tatikulu tinaphunzira msanga kuyamba ndi mbale yothawayo, kuposa anyani a mitundu ya chimpanzee, orangutan ndi capuchin amene anapatsidwa mayeso ofanana. Sindikuona kuti izi zikutanthauza kuti nsomba ndi yanzeru kuposa chimpanzee. Mayesowo ndi moyo wa tsiku ndi tsiku wa kotsuka, pamene kwa nyani ndi nkhani yachilendo. Umboni wake ndi wakuti totsuka tating'ono, tosazolowera makasitomala, sitinakhoze bwino.

Za kubereka kwake nazonso n'zodabwitsa. Totsuka timakhala m'magulu a kakamuna kamodzi ndi takazi tingapo, kawirikawiri 3 mpaka 6, ndipo ulemu umatsata msinkhu: kakamuna ndiko kakakulu pa tonse, kenako kakakazi kakakulu, mpaka kakang'ono kotsiriza. Maonekedwe a kakamuna ndi kakakazi ndi ofanana, moti utoto sungakuuzeni kanthu. Mu 1972 D. R. Robertson, atafufuza ku chilumba cha Heron pa Great Barrier Reef, anafotokoza zimene zimachitika kakamuna kakafa. Pasanathe maola awiri, kakakazi kakakulu kamayamba kuchita zaukali zija za kakamuna. Pakapita masiku ochepa kamayamba kufunsira takazi tinzake, ndipo pakatha masiku 14 mpaka 18 thupi lake limakhala litasintha, kakutulutsa mbewu yachimuna. Chimene chimaletsa kakakaziko kusintha nthawi yonseyi ndi kuponderezedwa ndi kakamuna. Ndipo kakamuna ka gulu loyandikana kakafulumira kulanda deralo, kakakaziko kamakhalabe kakakazi. Patapita zaka, Tetsuo Kuwamura wa ku Japan ndi anzake anasonyeza kuti njirayi imabwereranso m'mbuyo: tamuna tiwiri tikakhala pamodzi popanda kakakazi, kakang'onoko kakhoza kubwerera ku ukazi. Poswana, awiriwo amathamangira m'mwamba limodzi n'kutulutsa mazira ndi mbewu m'madzi, basi. Palibe chisa, palibe kulera. Mazira amatengedwa ndi madzi, ana amayandama kwa milungu ingapo, kenako opulumuka amatsikira pa thanthwe n'kuyamba kutsuka adakali akuda bii.

Tsopano tibwere kwa kansomba konamizira kaja, kovala mzere womwewo koma kosatsuka aliyense. Dzina lake ndi Aspidontus taeniatus, lolembedwa ndi Quoy ndi Gaimard mu 1834, zaka zisanu kotsuka kasanalembedwe. Ka m'nyanja ya Indian ambiri amakawerenga ngati mtundu wapadera, Aspidontus tractus, koma khalidwe ndi limodzi. Ndi ka m'banja la Blenniidae, losayandikana ndi la kotsuka. Kutalika kwake n'kofanana, mzere wakuda ndi womwewo, buluu ndi yemweyo, ndipo kumadera kumene kotsuka kali ndi kabanga kapena mtundu wosiyanako, konamizira ka kumeneko nakonso kamakhala nazo. Kamatsanzira ngakhale kupalasa ndi zipsepse za m'mbali ndi kavinidwe kaja. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Muyang'ane mutu kuchokera m'mbali. Pa kotsuka, pakamwa pali kunsonga. Pa konamizira, mphuno imapitirira kutsogolo ndipo pakamwa pali kunsi kwake, ngati pa shaki. Chizindikiro ichi chokha chimakwanira nthawi zambiri. M'nsagwada ya m'munsi muli mano awiri aatali opindika ngati zikwakwa, obisika kansombako kakatseka pakamwa, ndipo munthu wokagwira ndi manja akhoza kulumidwa mpaka magazi. Khungu lake lilibe mamba. Chipsepse cha pamsana chimayambira pafupi kwambiri ndi mutu n'kuyenda mpaka kufupi ndi mchira, ndipo timafupa take tofewa timaposa 25, pamene pa kotsuka ndi 10 kapena 11. Tizipsepse ta kumimba tili patsogolo, cha kukhosi. Kakadzidzimutsidwa kamaiwala kutsanzira n'kuyamba kupindapinda thupi ngati abale ake, ndipo kamathawira m'kabowo, kawirikawiri kanyumba kopanda mwini ka nyongolotsi za m'nyanja, kamalowa chambuyo n'kutsala kasuzumira mutu wokha. Mukaona kansomba ka mzere wakuda katatulutsa mutu m'kabowo masana, si kotsuka. Mazira akenso samwazidwa m'madzi, amaikidwa m'kabowo n'kumalonderedwa.

Ndipo pamwamba pa zonse, muyang'ane makasitomala. Pa kotsuka nsomba zimabwera zokha, zimaima, zimatambasula zipsepse, zina zimaimirira chamutu kapena chamchira, zina zimasintha mtundu. Konamizira palibe amene amakaimira pamzere kwa nthawi yaitali. Kamazembera kumbuyo, n'kudumphira chipsepse, n'kubudula kachidutswa. Nsomba zazikulu zodziwa dera lawo zimafika pokazindikira n'kumakapewa kapena kukathamangitsa, ndipo zimene zimapusitsidwa kwambiri ndi zazing'ono zosadziwa.

Komabe mbiri yake yoipayi inakokomezedwa. Ofufuza a m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, monga Irenäus Eibl-Eibesfeldt ndi Wolfgang Wickler, ndi amene anatchukitsa nkhani ya kubudula zipsepse, ndipo zambiri zinaonedwa m'mathanki, mmene kansombako kanalibe chakudya china. Kuwamura atakatsata m'nyanja momwe, anafotokoza mu 1983 kuti chakudya chake chachikulu ndi nthenga zofewa za nyongolotsi zokhala m'timachubu, ndi mazira a nsomba zina oikidwa pa miyala, amene nthawi zina timakawalanda tili gulu. Kuluma zipsepse kulipo, makamaka pa tating'ono ndi pamene zakudya zina zasowa, koma sindiko kumene kamadalira nthawi zonse. Izi zikusonyeza kuti chovala chobwerekacho chili ndi phindu lina: nsomba zolusa zimene zinazolowera kusadya kansomba ka mzere wakuda zimakasiyanso konamizira. Pali kachitatu koyenera kukatchula, Plagiotremus rhinorhynchos, kamene kamatsanzira ana a kotsuka, akuda a kamzere ka buluu aja. Aka ndiye kamadyadi khungu, mamba ndi ntchofu ya anzake. Isabelle Côté ndi Karen Cheney anasonyeza mu 2005 kuti kamatha kuvala mtunduwo kakakhala pafupi ndi kotsuka, n'kuuvula kakachoka. Thupi lake ndi lalitali ngati kankunga, ndipo kamasambira mopindapinda.

Kansomba kamene moyo wake wonse ndi kuyang'ana timadontho pa matupi a ena kanadzetsa mkangano waukulu mu 2019. Pali mayeso amene Gordon Gallup anayambitsa mu 1970: nyama imaikidwa chizindikiro pamalo amene singadzione yokha, kenako imapatsidwa galasi. Ikadziyang'ana n'kuyamba kukhudza pamalopo pa thupi lake, amati yazindikira kuti ya m'galasiyo ndi iyo yomwe. Masanori Kohda wa ku Osaka, Japan, ndi anzake anayesa izi pa totsuka. Masiku oyamba tinsombato tinkamenyana ndi galasi ngati mdani. Kenako tinayamba kuchita zachilendo patsogolo pake, monga kusambira chagada. Ataika kadontho kofiirira pakhosi, tinsomba 3 mwa 4 tinadziyang'ana pagalasi, n'kupita kukakhula khosi pansi, n'kubwereranso kudzadziyang'ana. Popanda galasi sitinkakhula. Gallup mwiniwake sanavomereze, ndipo Frans de Waal, katswiri wa khalidwe la anyani, anachenjeza kuti kudzizindikira kuli ndi masitepe, si chinthu choti nyama ili nacho kapena ilibe. Gulu la Kohda linabwerezanso mu 2022 ndi tinsomba tochuluka, pafupifupi tonse n'kukhoza, ndipo linapeza kuti timadontho ta buluu kapena tobiriwira, tosafanana ndi kachilombo, sitinkalabadiridwa. Mu 2023 anasonyeza totsuka zithunzi: tinkalimbana ndi chithunzi cha kansomba kachilendo, koma osati chawo, ndipo nkhope yachilendo ikaikidwa pa thupi lawo tinkalimbana nayo, pamene nkhope yawo pa thupi lachilendo tinkaisiya. Ine ndikuona kuti zimene kansombaka kanachita n'zenizeni ndipo n'zosafunika kuzichepetsa, koma ndi bwino kukumbukira kuti mayesowa anagwera pa luso lake lenileni, lofufuza kadontho kofiirira pakhungu.

Kukongola ndi kutchuka kwake kwakabweretsera vuto. Kamagwidwa kwambiri kuti kagulitsidwe kwa osunga nsomba m'mathanki agalasi, ndipo tambiri sitikhalitsa, chifukwa thanki ya nsomba khumi singapereke tizilombo 1,200 pa tsiku. Kena kamafa ndi njala, kena kamavutitsa nsomba zochepa zomwezo mpaka kuzitopetsa. Bungwe la IUCN, loona za chitetezo cha zachilengedwe padziko lonse, silikaika m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutha, popeza kamapezeka dera lalikulu, koma kuchuluka kwake padziko lonse sikuthandiza kathanthwe kamodzi kamene kalandidwa totsuka take tiwiri. Zimene zinachitika ku Lizard zikusonyeza chimene chimatsatira, ndipo chimabwera mwakachetechete, patapita zaka. M'maganizo anga kansomba aka n'koyenera kukasiya kumene kali.

Dzuwa likamalowa, kotsuka kamasiya ntchito n'kulowa m'mng'alu wa thanthwe, ndipo kawirikawiri kamadzikuta ndi kathumba ka ntchofu kotuluka m'thupi lake lomwe, n'kugona. Imeneyo ndi nthawi imene tizilombo ta gnathiid timatuluka tambiri m'malo obisalamo n'kukwera pa nsomba zogona, popanda wotizula. N'chifukwa chake m'bandakucha nsomba zambiri zimadzuka zili ndi tizilombo tochuluka kuposa mmene zinalili madzulo, ndipo kukangoyera zimalunjika ku thanthwe lija. Kotsuka kamatuluka m'mng'alu, n'kutambasula mchira, n'kuyamba kuvina, woyamba pamzere atatsegula kale makha.